Uphungu wa za majini: ntchito imene dziko likuifuna, koma si onse amene akuilipira

Pakati pa ntchito za umoyo zimene achinyamata okonda sayansi ayamba kuziganizira masiku ano, pali ina imene dzina lake limakopa ngakhale kuti ambiri sadziwa bwino zimene imafuna, ndiyo uphungu wa za majini (timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake) ndi matenda akumtundu. Amene amaitama amati ndi ntchito ya m'tsogolo, chifukwa kuyeza DNA kwatsika mtengo ndipo zipatala zikuyeza anthu ochuluka kuposa kale. Zimenezi n'zoona, koma ine ndimaona kuti pali mafunso awiri amene anthu amawaphatikiza ngati kuti ndi limodzi. Loyamba ndi lakuti kodi anthu akufunikira alangizi oterewa, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi alipo amene ali wokonzeka kuwalemba ntchito ndi kuwalipira mwezi ndi mwezi. Funso loyambalo yankho lake ndi inde pafupifupi kulikonse. Lachiwirilo limadalira dziko, malamulo ake, ndi mmene ndalama za umoyo zimayendera kumeneko, ndipo ndi limene munthu wofuna kuthera zaka zake pa maphunzirowa ayenera kuliyang'anitsitsa asanalembe kalata yopempha malo.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo, popeza ambiri akamva za majini amaganiza za munthu amene wawerama pa makina a mu labotale. Mlangizi wa za majini nthawi zambiri sagwira n'komwe magazi a wodwala. Ntchito yake imayamba ndi mafunso: kodi makolo anu alipo, ngati anamwalira anadwala chiyani, matendawo anayamba ali ndi zaka zingati, kodi m'banjamo muli ana amene anamwalira ali akhanda, kodi inu ndi amuna anu muli pachibale? Kuchokera pa mayankhowa iye amajambula mzere wa banja wa mibadwo itatu kapena kuposerapo, n'kuona ngati matendawo akuyenda m'magazi ndiponso njira imene akutsata. Kenako amawerengera chiopsezo, amathandiza kusankha ngati kuyezetsa kuli koyenera, amafotokoza zimene zotsatira zingaulule ndi zimene sizingaulule, ndipo zotsatirazo zikabwera amakhala pansi ndi munthuyo mpaka atamvetsa tanthauzo lake kwa iye, kwa ana ake, ndi kwa abale ake amene sanafike n'komwe kuchipatalako.

Masamu a ntchitoyi si ovuta kwenikweni. Chovuta ndi kuwafikitsa mumtima mwa munthu amene ali ndi mantha. Taganizirani za mwamuna ndi mkazi amene aliyense ali ndi jini limodzi la matenda a magazi otchedwa sickle cell, koma onse awiri ndi athanzi. Pa mimba iliyonse, chiopsezo choti mwana alandire majini onse awiri n'kubadwa ndi matendawa ndi 25 peresenti. Makolo amene mwana wawo woyamba akudwala kawirikawiri amamva ngati ana atatu otsatira adzakhala bwino chifukwa tsokalo lagwera kale mmodzi, pamene ena amamva ngati mwana aliyense amene angabereke adzadwala. Onsewa aphonya, chifukwa mimba iliyonse imayamba payokha ndipo siwerengera zimene zinachitika pa mimba yapitayo. Mlangizi wodziwa ntchito amazindikira kuti atha kunena chiwerengerocho molondola koma banjalo n'kutuluka m'chipinda likukhulupirira zina, choncho amapempha anthuwo kuti abwereze m'mawu awo zimene amva, ndipo akaona kuti sizinalowe amafotokozanso mwa njira ina popanda kuwachititsa manyazi.

Pali nkhani zina zolemera kuposa imeneyi. Matenda a Huntington amawononga ubongo pang'onopang'ono, nthawi zambiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 30 ndi 50, ndipo mpaka lero palibe mankhwala owachiza. Mwana wa munthu wodwala matendawa ali ndi chiopsezo cha 50 peresenti. Kuyambira mu 1993, pamene jini loyambitsa matendawa linapezeka, munthu wathanzi wa zaka 25 atha kuyezetsa n'kudziwa ngati adzadwala m'tsogolo. Ofufuza ankayembekezera kuti anthu adzakhamukira kokayezetsa, koma m'mayiko amene kuyezaku kulipo, ambiri mwa amene ali pachiopsezo amasankha kusadziwa. Ntchito ya mlangizi pamenepa si kukopa munthu kuti ayezetse kapena kumuletsa, koma kuyenda naye pa mafunso amene mwina sanadzifunsepo: mukadzamva kuti jinilo muli nalo mudzauza ndani, mudzachita chiyani tsiku lotsatira, nanga mukadzamva kuti inu mulibe pamene mchemwali wanu ali nalo, mudzamuyang'ana bwanji? Amene akuganiza zolowa ntchitoyi adzifunse ngati angathe kukhala m'chipinda choterocho mlungu ndi mlungu, chaka ndi chaka.

Khalidwe losamusankhira munthu zochita limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo ndi mbiri yowawa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, maboma ena anagwiritsa ntchito sayansi ya za chibadwa pofuna kusankha amene ayenera kubereka ndi amene sayenera. Ku United States anthu oposa 60,000 anatsekedwa mokakamizidwa kuti asabereke, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linavomereza mchitidwewu mu 1927. Ku Germany lamulo la mu 1933 linachititsa zomwezo kwa anthu pafupifupi 400,000. Pamene Sheldon Reed, wa ku yunivesite ya Minnesota, anapatsa ntchitoyi dzina lake mu 1947, ankafuna kuisiyanitsa ndi zonsezi kuti ikhale yothandiza banja limene lafika kudzafunsa, osati yotumikira zofuna za boma. Maphunziro oyamba a digiri yachiwiri anatsegulidwa mu 1969 pa Sarah Lawrence College ku New York motsogoleredwa ndi Melissa Richter, ndipo bungwe la alangiziwa ku United States, la National Society of Genetic Counselors, linakhazikitsidwa mu 1979. Poyerekeza ndi unamwino kapena uzamba, ntchitoyi ndi ya dzulodzuloli, ndipo n'chifukwa chake malamulo a mayiko ambiri sanaipatsebe malo.

Kwa zaka zambiri alangiziwa ankathandiza makamaka amayi oyembekezera ndi makolo a ana obadwa ndi ulumali. Zinthu zinasintha pamene majini a BRCA1 ndi BRCA2, okhudzana ndi khansa ya m'mawere, anapezeka mu 1994 ndi 1995, chifukwa mkazi amene ali ndi vuto pa BRCA1 chiopsezo chake cha khansa ya m'mawere chimaposa 50 peresenti pa moyo wake wonse, ndipo akadziwa msanga pali zimene madokotala angachite. Mu 2013 munachitika zinthu ziwiri motsatizana. Mu May, katswiri wa mafilimu Angelina Jolie analengeza kuti anachotsedwa mawere onse awiri atapezeka ndi vuto pa jini limeneli, ndipo amayi ambiri m'mayiko osiyanasiyana anayamba kupempha kuyezedwa. Mu June, khoti lalikulu la ku United States linagamula kuti kampani singakhale mwini wa jini lachilengedwe, zimene zinathetsa ulamuliro wa kampani ya Myriad Genetics pa kuyeza kumeneku n'kutsegulira malabotale ena khomo. Ku mbali ya amayi oyembekezera, wasayansi Dennis Lo anali atasonyeza mu 1997 kuti m'magazi a mayi mumapezeka tizidutswa ta DNA ta mwana wosabadwayo, ndipo pofika mu 2011 kuyeza matenda a Down pongotenga magazi a mayi kunayamba kupezeka m'zipatala. Pa nthawi yomweyo mtengo unali kugwa: ntchito yowerenga majini onse a munthu, imene inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003, inadya pafupifupi madola 3 biliyoni, pamene lero zomwezo zimachitika pa madola osakwana 1,000.

Chifukwa cha zimenezi nthambi za ntchitoyi zachuluka. Kuwonjezera pa uchembere, ana ndi khansa, alangizi akupezeka m'zipatala za mtima, kumene banja limafuna kudziwa chifukwa chake wachinyamata wathanzi anagwa n'kumwalira mwadzidzidzi, m'zipatala za ubongo ndi mitsempha, za maso, za impso, ndi zothandiza mabanja osabereka. Ena saonananso ndi odwala: amagwira ntchito m'malabotale momwe amasanthula zotsatira ndi kulemba malipoti opita kwa madokotala, ena ali m'makampani a inshuwalansi, m'kafukufuku, kapena m'mayunivesite. Ambiri tsopano amalangiza pa lamya kapena pa kanema wa pa intaneti ali kunyumba kwawo.

Koma tiyeni tione kukula kwake kwenikweni. Kafukufuku amene anawerenga alangiziwa padziko lonse mu 2018 anapeza pafupifupi 7,000 m'mayiko 28, ndipo oposa theka anali ku United States. Chiwerengerochi chakwera kuchokera nthawi imeneyo, komabe ndi chochepa kwambiri tikachiyerekeza ndi anamwino, amene padziko lonse ndi mamiliyoni ambirimbiri. Ofesi ya boma la United States yoona za ziwerengero za ntchito inapeza kuti mu 2023 malipiro apakatikati a mlangizi anali pafupifupi madola 95,000 pachaka, ndipo inayerekeza kuti malo a ntchitoyi adzakula ndi 16 peresenti m'zaka khumi, kumene kuli kukula kofulumira kuposa ntchito zambiri. Anthu amakonda kutchula peresenti imeneyi, koma amaiwala kuti 16 peresenti ya anthu masauzande ochepa ndi malo mahandiredi ochepa chabe, pamene masukulu ophunzitsa ntchitoyi m'dzikolo apitirira 50 ndipo chaka chilichonse akutulutsa ophunzira mahandiredi angapo.

Zaka zaposachedwapa zaonetsa kuti chenjezo limeneli si lachabe. Kwa kanthawi makampani oyeza majini ankalemba alangizi ambiri pa malipiro oposa a m'zipatala, moti zipatala zinkadandaula kuti zikusowa anthu. Makampani ambiri otere ankakula ndi ndalama za oika chuma m'mabizinesi, osati ndi phindu lawo, ndipo ndalamazo zitayamba kuuma mu 2022 anayamba kuchotsa antchito. Invitae, imene inali imodzi mwa makampani aakulu olemba alangizi, inachotsa anthu oposa 1,000 chaka chimenecho, ndipo mu February 2024 inapita kukhoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole. Katundu wake wambiri anagulidwa ndi kampani ya Labcorp. Kampani ya 23andMe, yotchuka pogulitsa kuyeza kwa malovu mwachindunji kwa anthu, inachita chimodzimodzi mu March 2025. Alangizi odziwa ntchito amene anachotsedwa anabwerera kukafuna malo m'zipatala, n'kuyamba kulimbirana mipata yomweyo ndi ongomaliza kumene sukulu. Sindikunena kuti ntchitoyi yatha ku America, ayi. Ndikunena kuti nyengo imene wophunzira ankalandira makalata angapo omuitana asanamalize n'komwe maphunziro sinali yokhalitsa, ndipo amene akuwerenga nkhani zolembedwa nyengo imeneyo azikumbukira zimenezi.

Gwero la vutoli, mmene ine ndikuonera, ndi lakuti kukambirana n'kovuta kulipiritsa. Labotale ikayeza magazi pamakhala chinthu chooneka chimene inshuwalansi ingalipire, koma ola limene mlangizi wathera pomvetsera banja, pamodzi ndi maola ena ofufuza mbiri ya achibale ndi kulemba makalata, silibweretsa ndalama zofanana. Ku United States ndondomeko ya boma ya Medicare, imene imalipirira okalamba, kwa zaka zambiri yakhala isakuzindikira alangiziwa ngati ogwira ntchito za umoyo amene angalipiridwe paokha, ngakhale kuti bungwe lawo lakhala likupempha aphungu a nyumba ya malamulo kuti asinthe zimenezi. Chipatala chikamawerengera ndalama zake chimaona mlangizi ngati mtolo, ngakhale kuti iye ndi amene amaletsa kuyeza kodula kosafunika ndi kuteteza madokotala kuti asamasulire zotsatira molakwika.

Mayiko ena ali ndi njira zawozawo. Ku Britain alangizi ambiri amalembedwa ndi NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala, ndipo imodzi mwa njira zolowera ndi maphunziro a zaka zitatu a asayansi a zachipatala momwe wophunzira amalandira malipiro akuphunzira, ngakhale kuti malo ake ndi ochepa ndipo opikisana ndi ambiri. Yunivesite ya Cardiff nayo imapereka digiri yachiwiri. Britain inamaliza mu 2018 kuwerenga majini onse a munthu maulendo 100,000, pa odwala khansa ndi matenda osowa pamodzi ndi abale awo, ndipo kuyeza kotere kunalowa m'ntchito za tsiku ndi tsiku za zipatala zake. France inakhazikitsa ntchitoyi mwa lamulo mu 2004, koma mlangizi amagwira pansi pa dokotala wa za majini. Ku Germany lamulo limati uphungu umenewu ndi ntchito ya madokotala, motero munthu wa digiri yachiwiri amene angalembedwe mosavuta ku London kapena ku Toronto sangagwire ntchito yomweyo payekha ku Berlin. Canada, Australia, Japan, India ndi Philippines onse ali ndi maphunziro awo, koma mabungwe opereka ziphaso ndi osiyana, ndipo chiphaso cha dziko lina sichivomerezedwa chokha m'dziko linzake.

Kusiyana kwa pakati pa kufunika ndi malo a ntchito kumaonekera kwambiri mu Africa. Chaka chilichonse padziko lonse pamabadwa ana oposa 300,000 odwala sickle cell, ndipo ambiri mwa iwo amabadwira kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, makamaka ku Nigeria ndi ku Democratic Republic of the Congo. Tikanati tiwerengere alangizi potengera mabanja owafuna, chigawo chimenechi chikanakhala patsogolo pa zigawo zonse. Koma kwa zaka zambiri dziko lokhalo lophunzitsa ntchitoyi m'chigawochi linali South Africa, kumene yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg inayamba mu 1989 ndipo ya Cape Town inatsatira mu 2004. Womaliza maphunziro kumeneko amagwira kaye ntchito moyang'aniridwa, kenako n'kulembetsa ku bungwe la Health Professions Council of South Africa. Ngakhale zili choncho, alangizi ogwira ntchito m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni limeneli ndi makumi ochepa chabe, chifukwa malo m'zipatala za boma ndi osowa, ndipo ena mwa ophunzitsidwawo amapita kunja kapena amatsegula maofesi awoawo othandiza amene angathe kulipira. Yunivesite ya Ghana yayamba posachedwapa maphunziro a digiri yachiwiri, chimene chili chinthu chosangalatsa, koma funso lidakali lomwelo: omaliza maphunzirowo adzalembedwa pa udindo uti, ngati m'ndandanda wa maudindo a unduna wa zaumoyo mulibe dzina la ntchito yawo?

Njira yophunzirira, m'mayiko amene ilipo, imafanana. Munthu amayamba ndi digiri yoyamba, kawirikawiri ya sayansi ya zamoyo, ya kaganizidwe ka anthu kapena ya unamwino, kenako digiri yachiwiri ya zaka ziwiri yophatikiza maphunziro a majini, luso lolangiza, ndi miyezi yambiri yogwira ntchito m'zipatala moyang'aniridwa. Kalasi iliyonse imakhala ya anthu ochepa, chifukwa wophunzira aliyense amafuna mlangizi womuyang'anira ndi odwala okwanira. Ku United States ndi ku Canada opempha malo amadutsa m'ndondomeko imodzi yogawa malo, imene inayamba mu 2018, ndipo ambiri sapeza malo ulendo woyamba. Osankha sayang'ana magiredi okha. Amafuna umboni wakuti munthu anakhalapo ndi anthu ali pamavuto, monga kuthandiza pa lamya ya anthu osweka mtima, kutumikira ana a ulumali, kapena kusamalira odwala amene atsala pang'ono kumwalira, ndipo ndikuganiza kuti pamenepa amalondola, popeza sayansi itha kuphunzitsidwa m'zaka ziwiri koma kudekha pamaso pa munthu amene akulira sikubwera msanga chotero.

Funso limene limabwera kawirikawiri masiku ano ndi lakuti kodi makompyuta sadzalanda ntchitoyi. Mbali ina aiyamba kale. Kufotokoza munthu asanayezedwe kuti DNA n'chiyani ndi kuti zotsatira zingabwere m'mitundu ingati, ndi zinthu zimene kanema kapena pulogalamu yoyankha mafunso ingachite bwino, ndipo zipatala zina zikugwiritsa ntchito njira zimenezi. Kusintha kwina, kumene kuli kwakukulu kuposa makompyuta, n'kwakuti madokotala a khansa ndi anamwino ayamba kuitanitsa okha kuyezaku. Chifukwa chake n'chomveka: kuyambira mu 2014, pamene mankhwala a olaparib anavomerezedwa kwa odwala khansa ya m'thumba la mazira amene ali ndi vuto pa BRCA, zotsatira za majini zinayamba kusankha mankhwala amene wodwala alandire, ndipo sizingatheke kuti iye adikire miyezi kuti aonane ndi mlangizi. Tanthauzo lake n'lakuti nkhani zosavuta zikuchoka m'manja mwa alangizi, ndipo zimene zikuwatsalira ndi zovuta zokhazokha, pamodzi ndi udindo wophunzitsa madokotala ndi anamwino. Mlangizi wa m'tsogolo tsiku lake lidzakhala lolemera kuposa la mnzake wa zaka 20 zapitazo.

Chimodzi mwa zovutazo ndi zotsatira zosamveka bwino. Tinafuna kuyeza kotsika mtengo kowerenga majini ambiri nthawi imodzi, ndipo tinakupeza, koma walira mvula walira matope. Munthu aliyense ali ndi kusiyana kwa majini kochuluka kwambiri, ndipo pamene mukuwerenga majini ambiri m'pamenenso mumapeza kusintha kumene palibe akudziwa ngati kumayambitsa matenda kapena ayi. Malabotale amakutcha VUS. Mayi amene analowa m'chipatala kufuna kumva inde kapena ayi amatuluka ndi pepala lonena kuti chapezeka chinachake koma tanthauzo lake silikudziwika, ndipo pakhala nkhani za amayi ochitidwa opaleshoni yosafunika chifukwa wina anamasulira pepala loterolo ngati chiweruzo. Vutoli siligwera anthu onse mofanana. Zambiri zimene sayansi ikudziwa za majini zinachokera kwa anthu a makolo a ku Ulaya, pamene anthu a mu Africa ndi amene ali ndi kusiyana kwa majini kochuluka kuposa ena onse padziko lapansi, motero iwo, pamodzi ndi anthu a ku Asia ndi mitundu ina, amalandira zotsatira zosamveka kawirikawiri. Ntchito ya kafukufuku ya H3Africa inayesetsa kuchepetsa mpata umenewu, koma udakali waukulu, ndipo pamenepa pali mwayi weniweni wa ntchito kwa amene amakonda kusanthula zotsatira kuposa kulangiza.

Chovuta china n'chakuti zotsatira za majini si za munthu mmodzi. Wodwala akapezeka ndi jini la khansa, ndiye kuti azichimwene ndi azichemwali ake aliyense ali ndi chiopsezo cha 50 peresenti, koma iye atha kukana kuwauza chifukwa anayambana zaka zapitazo. Mu 2020 khoti lina ku London linaweruza mlandu wa mayi amene bambo ake anapezeka ndi matenda a Huntington iye ali woyembekezera, koma madokotala sanamuuze chifukwa bambowo anakana. Pambuyo pake anapezeka kuti nayenso ali ndi jinilo. Mayiyo sanapambane mlanduwo, koma woweruza ananena kuti a zachipatala ali ndi udindo woyeza mbali zonse ziwiri, chinsinsi cha wodwala ndi chiopsezo cha wachibale, m'malo mongobisala kumbuyo kwa chinsinsicho. Palinso nthawi zimene kuyeza mwana ndi makolo ake kumaulula kuti mwamuna amene wakhala pampandopo si bambo wake womubereka. Palinso chizolowezi, chimene chimapezeka m'mitundu yambiri ya anthu, choloza chala mayi mwana akabadwa ndi vuto, ngakhale pa zinthu monga sickle cell kapena chialubino zimene mwana amatengera kwa makolo onse awiri mofanana. Chiganizo chimodzi chonenedwa bwino ndi mlangizi, pamaso pa mwamuna ndi mkazi limodzi, chitha kupulumutsa banja, ndipo chonenedwa mosasamala chitha kulipasula. Ndiye pali mantha a tsankho: lamulo la ku United States la mu 2008 limaletsa olemba ntchito ndi a inshuwalansi ya zaumoyo kusala munthu chifukwa cha majini ake, koma silikhudza inshuwalansi ya moyo, ndipo mayiko ambiri alibe lamulo lililonse lotere. Mlangizi ayenera kudziwa zimenezi kuti achenjeze munthu asanayezedwe, osati pambuyo pake.

Zonsezi zimatopetsa, ndipo n'zosadabwitsa kuti alangizi ambiri amasamukira ku labotale kapena ku kafukufuku akagwira zaka zingapo m'chipatala. Palinso nkhani ya kukwera pa udindo. Popeza m'chipatala chimodzi mumakhala alangizi ochepa, mipando ya utsogoleri ndi yowerengeka, ndipo munthu atha kufika pa msinkhu wapamwamba wa malipiro ake akadali ndi zaka zambiri zogwira ntchito.

Kumene ndikuona kuwala ndi ku mankhwala atsopano. Kale mlangizi ankangofotokoza matenda amene palibe angawachize, koma tsopano ena mwa matendawo ali ndi chithandizo chimene chimagwira bwino chikaperekedwa msanga. Mankhwala a Zolgensma, a ana obadwa ndi matenda ofooketsa minofu otchedwa SMA, anavomerezedwa ku United States mu 2019, ndipo Casgevy, amene amasintha majini a maselo a m'mafupa a wodwala sickle cell, anavomerezedwa ku Britain mu November 2023 ndi ku United States mwezi wotsatira. Onse awiri mtengo wake ndi woposa madola 2 miliyoni pa wodwala mmodzi, kutanthauza kuti ambiri mwa odwala sickle cell padziko lapansi sadzawaona posachedwa, komabe asintha kaganizidwe ka maboma pa nkhani yoyeza ana akhanda. England yayamba kafukufuku wowerenga majini onse a makanda 100,000. Ngati kuyeza kotere kudzakhale kwa mwana aliyense wobadwa, padzafunika anthu ambiri ofotokozera makolo zimene zapezeka, ngakhale kuti palibe chitsimikizo chakuti anthuwo adzakhala alangizi a digiri yachiwiri. Atha kudzakhala azamba ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndingaigogomezere kwa munthu wokhala m'dziko limene ntchitoyi ilibe dzina m'malamulo. Cuba inasankha kuphunzitsa uphungu wa za majini kwa madokotala a m'madera ndi anamwino amene anali kale pa ntchito, m'malo moyambitsa gulu latsopano la antchito, ndipo zipatala zambiri za sickle cell ndi thalassaemia (matenda enanso a magazi) mu Africa, ku Middle East ndi ku Asia zimadalira anamwino pa ntchito yomweyi. Amene walowa kudzera mu unamwino, uzamba, udokotala kapena sayansi ya mu labotale amakhala ndi chiphaso chodziwika ndi udindo wolipidwa, ndipo maphunziro a majini akadzawawonjezera pamwamba amamupatsa luso losowa popanda kumusiya pabwalo malo a mlangizi akapanda kupezeka. Amene akufuna digiri yachiwiri yeniyeniyo, makamaka ngati akukaiphunzira kunja ndi ngongole, afunse kaye sukuluyo kuti omaliza a zaka zitatu zapitazo ali kuti, angati akugwira ntchito ya uphungu, anadikira nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati ochokera kunja analoledwa kutsala kuti agwire ntchito. Afunsenso bungwe lopereka ziphaso m'dziko limene akufuna kudzakhazikika ngati lidzavomereze digiri imeneyo, ndipo yankho lake alilandire lolembedwa asanalipire ndalama ina iliyonse.